Timizere ta kasinja wanga tawongoka mopitirira

Aphungu,

Ndili ndi zaka 71, ndinaphunzitsa masamu zaka 34, koma lero mtima ukudumpha ngati wa mtsikana. Gulu la anthu opanga zidole za akasinja a nkhondo landilola kukaonetsa wanga pachionetsero chawo, ndipo kwatsala masiku asanu ndi anayi! Kasinjayu anali wa malemu amuna anga. Anamusiya m'bokosi, tizidutswa 212, atalumikiza 40 tokha. Totsalato ndamaliza ndekha patebulo losokera.

Vuto ndi khungu lake. Kasinja weniweni wa mtunduwu ankamatidwa phala lokhala ndi timizere. Ndinagula phala la mitundu itatu, n'kuyesa pa masipuni a pulasitiki 12. Lonunkha kwambiri linasungunula masipuni anayi. Lamadzi linachita ming'alu litauma. Lochita kusakaniza zinthu ziwiri ndiye linagwira, mpaka ndinavina ndekhandekha! Ndinamata mbali imodzi ya kasinjayo, n'kudinda timizere ndi rula, khumi pa sentimita iliyonse.

Mlamu wanga atafika anaseka mpaka misozi. "Mlamu, mwaumba kasinja kapena bisiketi? Achimwene akanamuviika mu tiyi ameneyu!" Ndinawapirikitsa, komatu sakunama. Ndalakwitsa pati, poti zonse ndinayeza? Sindikufuna ntchito ya amuna anga ikasekedwe pagulu.

E.N.G., mphunzitsi wopuma

Mayi,

Ndakunyadirani! Phala mwasankha bwino, musalisinthe. Chakupwetekani ndi rulayo. Akasinja enieni ankamatidwa ndi anthu otopa, ofulumira, aliyense ndi dzanja lake, ndiye mizere yawo inkakhota.

Tsekerani rula m'kabati. Matani phala lopyapyala ngati chikhadabo, kachigawo kamodzi nthawi imodzi. Nyowetsani nsonga ya kasikuludiraiva m'madzi kuti isakakamire, kenako dindani mongoyeza ndi maso okha, ndipo musawerenge, ngakhale chamumtima. Ndikudziwa kuti apa ndi pamene mudzavutike.

Mbali mwamata kale ija musaikanganule. Ikhuleni pang'ono ndi sandipepala wonyowa, mubenthule ndi kampeni m'makona awiri kapena atatu momwe asilikali ankapondamo. Phala liume tsiku lathunthu musanapake penti. Alamu anuwo muwaitane adzaone penti isanalowe, diso ali nalo.

Chenjezo langa ndi limodzi. Mzere ukakhota, usiyeni. Mukaubwerera phala litayamba kulimba, lidzang'ambika, ndipo masiku oyambiranso mulibe.