Kamutu ka Usipa m'Mbale ya Saidi

Amayi anga, kodi kumene mwagonako mukupezako bwanji?

Ndine Asiyatu, mwana wanu woyamba, amene munamusiyira mbumba ndi nyumba ya ku Malindi. Ndalemba chifukwa mlongo wanga Saidi, mzime wanu, akudzitsiriza ndi njala m'dzina la Mulungu, ndipo pamene nkhaniyi yayambira pali dzanja lanu.

Ndiyambe ndi za pamudzi. Mariamu wanga anabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Watenga chipumi chanu ndi liwu lanu lomwe. Mpunga wa kudambo unamira nyanja itakwera, koma chinangwa chatisunga. Maondo anga afika poti ndimapemphera swala nditakhala pampando, chinthu chimene kale ndinkadzudzula nacho anzanga.

Saidi analowa khaluwa, kubindikira m'mapemphero kwa masiku oikika. Ashehe ake anamupatsa kachipinda ka kuseri kwa mzikiti kuti achite zikiri, kutchula maina a Mulungu mobwerezabwereza, payekha. Masana asale, ndipo pofuturu dzuwa likalowa asakhudze chochokera ku chamoyo, kaya nyama, nsomba, dzira ngakhale mkaka. Asayankhule za dziko, asadzole mafuta onunkhira, asaonane ndi mkazi wake. Zimenezi sindizinyoza. Ndinawerenga mabuku achiarabu onena za zimenezi iye asanadziwe kugwira cholembera, ndipo ndikudziwa kuti mimba ikachepa mtima umamva bwino. Koma Saidi ali ndi matenda a shuga, ndipo polowa anabisira ashehe.

Mkazi wake, Abiti Juma, ndiye ankaphika n'kusiya mbale pakhomo: chinangwa ndi nkhwani wotendera. Atatsala pang'ono kutsiriza khaluwa, Saidi anapeza kamutu ka usipa m'nkhwanimo. Mlamu wanga sanakane. Anandiuza akulira kuti nsomba sanaikemo ndi tsiku limodzi lomwe, iye ankangosinja tiusipa pamodzi ndi nsinjiro monga anaphunzitsidwa. Amayi, womuphunzitsayo ndinu. Paja munkati, "Usipa si nsomba, ndi mchere wa anthu a kunyanja." Nditamva ndinaseka, ndipo kusekako sikunathe bwino.

Tsono Saidi wadziweruza yekha kuti khaluwa yonse yaonongeka, wayambiranso pachiyambi. Mbale za mkazi wake zikubwerera zosavundukula. Akufuturu ndi madzi ndi zipatso za tende basi. Ashehe anamuuza kuti cholakwa chosadziwa sichiwerengedwa, ndipo atamva za shugayo anamulamula kuti atuluke. Iye sanamvere. Lachisanu, popita ku swala, anayenda atagwira khoma, n'kugwa pakhomo pa mzikiti. Atatsitsimuka anakwawira m'kachipinda momwemo.

Ndatopa, Amayi. Chichokereni inu, mlandu uliwonse wa pabanja umathera pakhonde panga. Ndinaima pachitseko chake n'kumutsutsa ndi maphunziro anga onse, iye anandiyankha ndi zikiri. Inu mukanangoti, "Mulungu sasanthula minga m'mbale ya wanjala," nkhani ikanathera pomwepo. Ine ndanena mawu omwewo, koma pakamwa panga akumveka ngati chiweruzo.

Dzulo ndikusinja nsinjiro mumtondo wanu ndinakumbukira kanthu. Saidi ali wamng'ono akanyanyala chakudya, simunkamukalipira. Munkavundikira mbale yanu, n'kukhala pansi manja ali pamiyendo. Iye sankapirira kukuonani osadya. Ankabwera atakwinya nkhope n'kuyamba ndi mbale yanuyo.

Choncho ndatsimikiza. Mawa ndikatha swala ya m'bandakucha ndiphika nkhwani ndi manja anga, wopanda usipa, kuti asapeze ponamizira. Ndikayala mphasa pakhomo pa kachipindako, mbale ziwiri zovundikira patsogolo panga, ndipo ndikamuuza kamodzi kokha kuti yangayo sindiivundukula kufikira iye atadya, atamwa mankhwala, ndi kupepesa mkazi wake. Ndine nkhalamba ya maondo oipa, ndipo iye akudziwa kuti mawu anga sindibweza.

Ndikulonjeza kuti mzime wanu sindimutumiza kwa inu nthawi yake isanakwane. Allah awalitse manda anu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Asiyatu