A Luckson atsale kuno ku Nyimba

Nyimba,
12 Meyi

Okondedwa Amama,

Landilani moni wanga ndi manja awili. Kodi muli bwanji kumeneko ku Msanzala? Nanga msana uja ukali kuwawa mukawelama? Kuno tili bwino, ine ndi alongo anga a Luckson. Nthochi zachuluka chaka chino, moti basi ikaima timaithamangila azimai ambili, ndipo ine wosadziwa kukuwa ndimagulitsa pomalizila.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni ya amalume sindilankhula bwino, eni ake ali chiimile pambali panu. Mng'ono wanga Tamara akuwelengeleni pang'onopang'ono.

Nkhani ndi ya thandizo la boma la anthu olumala. Mukumbuka pepala la dokotala wa ku Minga, lonena kuti miyendo ya a Luckson sidzayendanso kuchokela pa ngozi ya ngolo ija. Tonse tinkaganiza kuti pepalalo ndi lokwanila. Koma maina atatuluka kuno lawo munalibe, ndipo inu munati kumudzinso mulibe. Ndinkagona ndikudzifunsa kuti kodi anthu amenewa miyendoyo saiona?

Ndinapita ku ofesi yoona za thandizoli. Kangapo ndinafika pakhomo n'kubwelela chifukwa cha manyazi, mpaka mai wina wogwila nchito momwemo, a Chibuye, anandiitana yekha. Kwawo ndi kumpoto, Chinyanja chawo n'chosakaniza ndi Chibemba, koma tinamvana. Anati pepala la dokotala lilibe vuto. Kenaka anandifunsa komwe a Luckson amakhala.

Ndinafotokoza monyadila zomwe amalume anakonza pa malilo a atate, kuti katundu asalemele munthu mmodzi: mukakolola amakhala kwa inu, mvula ikayandikila amapita kwa amai aang'ono ku Kaumbwe, chaka chikatembenuka amabwela kwa ine. A Chibuye anagwila kumutu. Anati thandizoli limapita pakhomo pomwe munthu wakhazikika, osachepela theka la chaka asanasamuke, ndipo anansi amafunsidwa pa msonkhano kuti avomeleze. Ndiye ku Msanzala anansi anati a Luckson ali ku Nyimba kwa mlongo wawo. Kuno anati ndi alendo, kwawo ndi kwanuko ku Petauke. Palibe ananama, Amama. Ndife tomwe tinawasandutsa alendo kulikonse.

Mantha atatha ndinafunsa zambili. Ndinafunsa chifukwa chake lamulo lili chomwecho, anati n'kuti munthu asalembedwe malo awili. Ndinafunsa ngati malata ndi magetsi a chipinda chomwe ndimachita lendi adzawelengedwa ngati chuma changa, anati olemba maina amaona kakhalidwe konse ka pakhomo, ndipo iwo sangandilonjeze kanthu. Ndikali kudabwa kuti kuthandizana kwathu n'komwe kunatseka njila. Nanga mabanja ena amene amasinthana wodwala monga ife amatani? Limenelo ndinaiwala kufunsa.

Nditawauza a Luckson anaseka mpaka kutsokomola. Anati iwo ali ngati basi ya ku Chipata, aliyense amaiona ikudutsa koma palibe mudzi unganene kuti ndi yake. Atasiya kuseka anandifunsa kuti, popeza tsopano ayenela kukhala malo amodzi, adzasankha malowo ndani. Ndinati mwina amalume. Iwo anati chigonekele pa mphasa chaka chija palibe anawafunsapo komwe afuna kukhala, timangowanyamula ngati thumba la nshawa. Ndinachita manyazi, chifukwa inenso sindinafunsepo. Ndiye ndinafunsa.

Amama, anati afuna kutsala kuno.

Pali chinthu chomwe sitinakuuzeni. Mdala wina wosoka nsapato pafupi ndi pomwe ndimagulitsila, a Gideon, anawaphunzitsa nchitoyo. M'mawa ndimakankha a Luckson pa njinga yawo ya olumala mpaka pansi pa mtengo, ndipo amatandala pomwepo ndi singano ndi ulusi. Zomwe amapeza n'zochepa, za sopo chabe. Koma akuti kumudzi aliyense wowapatsa moni amayamba ndi kufunsa za miyendo, pomwe kuno anthu amabwela atakwiya kudzafunsa ngati nsapato yatha. Akuti kukalipilidwa kumeneko kumawakomela.

Ndidziwa mukhoza kunena kuti ngati nkhani ndi kukhazikika, akhazikike kwa mai wawo. Zoona, lamulo lingalole zimenezo. Ndidziwanso kuti mwawakonzela kale chipinda, ndi kuti mumawadikila kuti muzisenda nawo nshawa pakhonde. Iwo aopa kukuuzani okha, akuti mungaganize kuti akukanani. Sanakukaneni. Tsiku silipita osakutchulani.

Pempho langa ndi limodzi. A Josphat, omwe amanyamula a Luckson nthawi zonse, akamabwela ndi galimoto kumapeto kwa mwezi uno, musawatume kudzatenga a Luckson. Akachoka tsopano, miyezi yomwe akhala kuno ifafanizika, ndipo olemba akadzabwelanso adzapeza mlendo yemwe uja. Mulankhule ndi amalume ndinu, ine sindingathe kuwayang'ana kumaso pa nkhani yomwe anakonza okha. Nshawa ndibwela ndine kudzasenda, masiku angapo, mnzanga Rachael wavomela kuyang'anila a Luckson.

Thandizolo mwina lidzatuluka, mwina ai. A Luckson anena kuti mukakana adzakwela galimotoyo osatsutsa ngakhale liwu limodzi, ndipo ndidziwa adzatelodi. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musakane.

Mupeleke moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa amai aang'ono ku Kaumbwe, kwa Tamara ndi ana onse a pakhomo. Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Rita