Masitepe Opita kwa Alamu Anu

9 Seputembala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana. Mudabwa kuti ndalemba pamanja chonsecho foni ilipo. Vuto ndi loti pa foni mumayankhula ngati muli pantchito yanu ya unamwino, munthu asanamalize kudandaula mwamulembera kale mankhwala. Ndiye ndati ndilembe, kuti mundimve mpaka kumapeto.

Wotchi imene munanditumizira ikugwira ntchito. Sindiivula, monga munalamulira, ndipo ndikudziwa kuti zonse zimene imaona imakunong'onezani pa foni yanu. Lamlungu lija munandikalipira. Munati, "Achimwene, wotchi ikungoonetsa masitepe okhaokha. Kukwera ndi kutsika m'nyumba si masewera olimbitsa thupi. Munthu wa shuga aziyenda panja mpaka thukuta lituluke." Ine ndinangoti chabwino. Mutafunsa za alamu anu ndinati ali kosamba. Ulendo winawo ndinati apita kumsika.

Achemwali, alamu anu sanapite kumsika. Chiyambire mwezi wa Juni sanatsikepo masitepe ndi miyendo yawo.

Anagwa m'mawa wina akuyala bedi. Ine ndinali pansi m'shopu, ndikudula nsalu ya mayunifolomu, ndipo nditamva chinthu chikugwa pamwamba ndinayesa ndi ndowa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panapotoka. Mawu abwerera pang'onopang'ono, koma oyamba omveka bwino amene anandiuza anali akuti, "Musawauze achemwali anu. Asiya ntchito, abwere adzandione ndikuchucha malovu. Azindikumbukira mmene anandisiyira." Mukuwadziwa alamu anu. Munthu amene sankatuluka pakhomo osasita ngakhale mpango wa kumutu.

Nyumba yathu mukuidziwanso: shopu pansi, chipinda pamwamba, mpopi ndi chimbudzi kuseri kwa shopu, ndi masitepe opapatiza aja amene munati anawamangira mbuzi. Alamu anu ndinawapatsa mtengo wa tsache kuti akafuna kanthu azigogoda pansi. Akagogoda ndimasiya makina, msoko uli pakati, n'kukwera. Mwina akufuna madzi, mwina ndiwatembenuze, mwina ntchentche ikuwavutitsa mbali imene dzanja silifika. Nthawi zina ndikafika amangoti, "Ndimafuna ndione ngati mulipo." Ndimakwera ndi beseni, ndimatsika ndi ndowa. Zimenezo ndiye zimene wotchi yanu imawerenga. Tsiku lina ndikutsika ndi ndowa yoti ndikataye kuchimbudzi, inanjenjemera pamkono n'kuonetsa kachithunzi ka chikho, kundiyamikira kuti ndachita bwino. Ndinaseka ndekha pamasitepepo mpaka misozi.

Mwezi wathawu ndinapita kukayezetsa. Shuga wakwera. Namwino wa kumeneko, mtsikana waulemu ndithu, anandifunsa ngati ndimachita masewera. Ndinamufotokozera za masitepe.

"Amathandiza ndithu, bambo, musawapeputse," anatero. "Koma inu mumakwera kamphindi n'kuima. Mtima umafuna ntchito yopitirira. Nanga mukudya nthawi yake? Mukugona mokwanira?"

Anatinso ndiziyenda ndawala tsiku lililonse, kanthawi ndithu osaima. Ndinamufunsa kuti akagogoda ine ndili kumsewu ayankhe ndani. Anandiyang'ana, anayang'ana khadi langa, kenaka anati, "Pepani bambo." Panja panali mzere wautali.

Musaganize kuti sindinayese. Tsiku lina ndinapempha mayi wogulitsa masamba pakhonde lathu kuti azimvetsera, ine ndizungulire mpaka kusitolo ya mankhwala n'kubwerera. Mphepo inandikomera, sindibisa. Ndinayenda ngati mnyamata. Pobwera mayi uja anati kuli zii, alamu anu sanagogode. Nditakwera ndinawapeza ali pansi, atapanikizika pakati pa bedi ndi khoma, zovala zitanyowa. Anafuna ndowa, koma sanafune kuitana mlendo, ndiye anayesa okha. Sanalire. Ndikuwanyamula anangondifunsa kuti, "Mwayenda bwino?" Kuyambira tsiku limenelo sindinayendenso.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi cha Lachinayi lapitali. Ndinamwa mapiritsi m'mawa, koma chakudya ndinaiwala chifukwa cha diresi la mkwatibwi limene mwini wake anali atabwerera kale kawiri. Masana alamu anu anagogoda, ndinatenga beseni la madzi ofunda. Ndili pakati pa masitepe m'maso munada, ndinangokhala pansi. Madzi anatsetsereka mpaka m'shopu. Pamwamba mtengo unkagogodabe, ine ndikuumva bwinobwino koma lilime lili lolemera ngati la munthu wina. Kenaka kugogoda kunasiya, ndinamva bedi likulira, ndipo ndinadziwa kuti akuyesanso kudzuka. Sindidziwa kumene mawu anachokera, koma ndinakuwa kuti ndikubwera. Ndinazindikira kuti shuga watsika kwambiri. M'thumba munali switi imene ndimasungira ana a makasitomala. Ndinaimwa, ndinapuma, ndinakwera chokwawa.

Anandiyang'ana, malaya anga atanyoweratu. Kenaka anati, "Mukagwa inu, ine ndidzagogodera ndani?"

Achemwali, ndinaganiza zowatsitsira m'shopu, nditchinge ndi katani kuseri kwa makina. Anakana. Akuti anthu aziyeza madiresi iwo ali gone pambali ngati mpukutu wa nsalu? Mwini nyumba akuti chipinda cha pansi palibe. Mwana wathu amabwera Lamlungu lililonse kudzachapa, koma ali ndi khanda ndiponso nyumba yake ndi chipinda chimodzi. Tsiku lopita kuchipatala, wowotcherera zitsulo wa pafupi nafe ndi mnzake amawanyamula pampando kutsika nawo, iwo atadziphimba nsalu kumaso kuti asaone anthu akuwaona. Makasitomala ena ayamba kupita kwina. Sindiwada. Ukwati sudikira telala.

Sindikuti mubwere. Kunena zoona sindikudziwa chimene ndikupempha. Mwina ndikungofunsa monga wodwala afunsira namwino: masitepe amenewa akuwerengedwa kapena ayi? Ngati akuwerengedwa ngakhale pang'ono, mundiuze, ndikhale ndi kanthu kogwira. Ngati sakuwerengedwa, mundiuze chimene munthu wokhala ngati ine amachita, chifukwa nzeru zanga zathera pamenepa. Ndimaopa kudwala, ndimaopanso kutuluka pakhomo kuti ndisadwale.

Chimodzi chokha ndikupempha molimba. Mukaimba foni musandikalipirenso za kuyenda. Nyumbayi ndi yaing'ono ndipo mawu anu ndi aakulu. Lamlungu lija alamu anu anamva zonse. Nditakwera anati, "Pitani muziyenda. Amene ndikukuphani ndine." Tsiku lonse sanagogode, ngakhale madzi sanapemphe, ndipo ine ndinakwera kambirimbiri kuposa masiku onse kukasuzumira pakhomo.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba, muwauze kuti jekete lawo lija ndikadali nalo, ndidzalimaliza mitima ikakhala pansi. Moni kwa ana onse, makamaka wamng'onoyo amene akulemba mayeso. Mwana wathu akupereka moni, khanda layamba kumera mano ndipo likuluma aliyense.

Alamu anu sakudziwa kuti ndalemba. Andifunsa chimene ndachedwera pansi, ndati ndikukonza miyeso ya kasitomala. Koma moni wawo ndikupereka ndi mtima woyera, chifukwa sipadutsa tsiku osakutchulani. Iwo akuti tidzakuuzani tonse awiri tsiku limene adzatsike okha, adzaimbe foni ali pakhomo pa shopu, kuti mudzawakalipire kenaka mudzaseke. Dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti tsiku limenelo ndisaliyembekezere kwambiri. Ndiye ndakuuzani ndekha.

Mutikumbukire m'mapemphero.

Ine mlongo wanu,
Telala