Thadzi la Mlendo wa ku Ulaya

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chintheche tilipo. Bondo la amama lasiya kuvuta, moti ayambanso kupita kumunda.

Kuloji kwathu kunali mlendo wa ku Ulaya, mayi Greta, amene ndinkawakonzera chipinda. Ankakonda kubwera kunyumba kudzaonerera amama akusinja chinangwa. Pa tsiku lawo lomaliza, asananyamuke kukakwera ndege ku Lilongwe ulendo wa ku Kenya, anabwera kudzatsanzika.

Amama mukuwadziwa, mlendo sachoka chimanjamanja. Anagwira thadzi lawo lamawanga lija n'kulimanga miyendo ndi luzi.

Ndinawanong'oneza kuti, "Amama, m'ndege salola nkhuku."

Iwo anandituzulira maso. "Minibasi imalola, ndege ikanirenji?"

Mphatsoyo ikanakanidwa, amama akanadwala nawo manyazi. Koma mayi Greta analandira ndi manja awiri, nathokoza kuti, "Tawonga." Kenaka anandipempha ndiwamasulire kuti, "Mundisungire nkhuku yangayi, ndidzaipeza ndikadzabweranso."

Tinawaperekeza mpaka pamsewu, amama akuseka njira yonse. Thadzilo tsopano likuikira, ndipo palibe wololedwa kukhudza ngakhale dzira limodzi. Amama akuti mwini wake analonjeza kudzabweranso.

Mutitumizireko zithunzi za ana. Mulungu akusungeni nonse. Amama akuti ndikuuzeni kuti tambala amene anakusungirani uja wayamba kukalamba.

Ine mlongo wanu,
Walinase