Volvo ya a Torleif yatsika

Lolemba, 2 Juni

Makatoni aja ndawatulutsa m'shedi. Masipuling'i anayi ofiira otsitsira galimoto, matayala anayi aakulu, marimu owala ngati mbale zatsopano. Amuna anga a Torleif anazigula mu Febuluwale, kutatsala sabata imodzi kuti sitiroko iwagwetse. Nthawi imeneyo ine kulalata tsiku lonse: nkhalamba ya zaka 68, pachilumba chino mukufuna kudzionetsa kwa ndani, nkhosa? Iwo kumangoseka.

Dzulo kuchipatala kutsidya, pakamwa popotoka paja patuluka liwu limodzi lokha: "Galimoto." Adokotala akuti mwina kunyumba sadzabwereranso. Ndiye galimotoyo ipite komweko, akaione. Ndamuitana Oddvar makaniko adzazimange.

Lachinayi, 5 Juni

Mayo ine! Kodi ndi Volvo yathu yomwe ija yonyamula mbatata ndi maukonde? Yanyonyomala ngati mphaka woti waona mbewa. Pakati pa tayala ndi bodi pakungolowa zala ziwiri. Ndaizungulira katatu, khofi mpaka kuzizira m'manja. Zaka makumi anayi ndakhala nawo bambowa, osadziwa kuti m'mutu mwawo ankasunga chinthu chokongola chonchi. Ndachita manyazi.

Koma kayendedwe kake, ayi ndithu. Kamwala kalikonse kakufika kumsana, mano kuchita kugundana. Pakona pokha ndiye zodabwitsa. Sipendekeka n'komwe, imangomatirira msewu. Oddvar wandichenjeza kuti mahampu ndizidutsa chammbali ngati nkhanu, kenako wandifunsa ngati ndifunanso chipewa chotembenuza ngati cha achinyamata. Wamwano ameneyu.

Loweruka, 7 Juni

Ndalephera kuwoloka. Ine wobadwira pachilumba, kuiwala kuti madzi a m'nyanja amadzaza n'kuphwa tsiku lililonse! Ndapita ku chombo cha 3 koloko masana nyanja itaphwa, mlatho wokwerera utatsetsereka zedi. Bampala khwee! pachitsulo. Ogwira ntchito pachombo kundibweza, anthu onse maso pa ine. Ndaima pambali n'kulira.

Pofuna kansalu kopukutira misozi m'kabokosi ka kutsogolo, ndapeza kabuku ka nthawi za kudzaza ndi kuphwa kwa madzi. Tsamba lililonse mpaka Ogasiti lili ndi pensulo ya a Torleif. Tsiku ndi tsiku anazunguliza chombo chonyamuka madzi atadzaza. Masipuling'i akadali m'katoni, iwo anali atawerengera kale nyanja. Mawa ndi 9:40.

Lamulungu, 8 Juni

Yakwera m'chombo bwinobwino, osakhudza pansi.

Namwino wawakankha a Torleif panjinga ya odwala mpaka poimika magalimoto. Ayang'ana, ayang'ana. Dzanja logwira ntchito lija kusisita rimu. Kenako kuloza mpando wakutsogolo. Namwino poyamba wakana, kenako wati mphindi khumi zokha. Tawanyamula tilipo atatu kuwalowetsa m'galimoto.

Ndimayendetsa pang'onopang'ono, kuzemba kadzenje kalikonse, kuopa kuwapweteka. Iwo kundimenya pabondo, kuloza kamsewu kamiyala kotsikira kudoko. Ndati ayi, kumeneko mugwedezeka mafupa. Kundimenyanso. Chabwino, ndakhotera komweko.

Galimoto yonse njenjenje, chiwongolero kuvina m'manja. Pocheuka ndaona misozi m'maso mwawo, ndaponda buleki. Dzanja lawo lili pamwendo wawo wakumanzere, womwe uja sanaumvepo chiyambire Febuluwale.

"Gunvor, ndikuumva. Bwereza."

Ndabwereza kasanu ndi kawiri.