Ndevu Zanga, Chinkhoswe Chayandikira

Okondedwa Asisi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nsaru amayi achira, wovutika ndine.

Ndevu zija zachuluka. Lolemba ndinazizula ndi phulusa, monga anatiphunzitsira anamkungwi, n'kupita kukiliniki kutauni. Namwino anandiseka: "Mwazula mizu, makina a leyiza awotcha chiyani? Muzingometa mwezi wonse, osazula." Akuti makinawo angandisiyire zipsera pakhungu langa lakudali, pomwe singano yamagetsi imapha tsitsi limodzilimodzi mpaka chaka.

Chinkhoswe changa ndi mwezi wamawa. Alongo a mwamunayo, osadziwa n'kulemba komwe, akunditcha "abambo a ku yunivesite". Akuti amuletsa kundikwatira.

Chonde ndifunsireni madokotala akumeneko ndisankhe njira iti pa ziwirizi, mundiyankhe sabata ino. Anthu anandiseka nditasiya sukulu ku yunivesite kuja, ndinapirira. Izi sindingathe.

Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanu,
Tiyamike