Malovu Anu Athandize Mapapo a Simão

Rotterdam, Novembala

Okondedwa Amayi,

Ndikupatsani moni nonse ku Mirandela. Kodi bondo lija likukulolani kutola maolivi chaka chino? Kuno ine ndi mwamuna wanga Hélder tilipo, kungoti tatopa, Amayi. Iye akaweruka kudoko amabwera kudzandilandira kuchipatala, ndiye masiku ano timangoonana pakhomo ngati alonda osinthana.

Mdzukulu wanu Simão akadali pa makina omuthandiza kupuma. Poyamba tinkati vuto n'kubadwa masiku asanakwane, koma anzake amene anagonekedwa naye anatuluka kale. Dokotala wake, mayi wamtali amene sadziwa kuzungulira nkhani, anandifotokozera kuti mapapo a mwana akamakula amaluka timinyewa totamuka, tomwe timawabweza akafufuma. Akuti pa zimene timatengera kwa makolo pali kanthu kamene kamalamula kuti ntchitoyo iyambe, ndipo mwa Simão zikuoneka kuti kakuchita ulesi. Ndinamufunsa ngati akutanthauza lasitiki wa kabudula wakale wa Bambo. Anavomera osaseka n'komwe. Ndinaseka ndekha, kenako ndinalira.

Kanthu kokayikitsako anakapeza mwa mwana komanso mwa ine, koma sakutsimikiza ngati ndi komwe kakuyambitsa. Kuti adziwe, ayenera kuona mmene kayendera m'banja mwathu. Anandiuza mosabisa kuti zimenezi si mankhwala, koma ziwathandiza kusankha chochita m'malo momangoyesa ichi ndi icho pa kathupi kameneka.

N'chifukwa chake ndinatumiza timabotolo tiwiri tija toti mulavuliremo. Pafoni Bambo anandikalipira, ati magazi a kwathu alibe chilema, ndikafufuze kwa a Hélder, ndipo iwo sangayike malovu awo pa positi ngati munthu wamisala. Ndamva kuti kabotolo kawo aikamo timisomali. Sindikanganenso nawo, mphamvu zake ndilibe.

Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndikubwera kwa inu. Dokotala atafunsa ngati kwathu kunakhalapo mwana wovutika kupuma, ndinakumbukira Amílcar, mwana wanu woyamba, amene ndimangomudziwa ndi kamtanda kake kumanda. Azakhali a Lurdes anandiuzapo kuti ankapuma mobanika ndipo khungu lake linali lolendewera. La Simão lilinso choncho m'khosi ndi m'manja. Pepani kuti ndatchula dzina limene m'nyumba mwathu silitchulidwa.

Pempho langa ndi limodzi. Lavulirani m'kabotolo kanuko, musanadye kapena kumwa khofi, mutseke bwino, mupatse mlongo wanga Duarte akaponye ku positi. Bambo asiyeni ndi misomali yawo. Palibe amene akufuna wolakwa pano, ndipo vutoli likapezeka kuti linadzera kwa inu, kumbukirani kuti kwa Simão linadzera kwa ine.

Dzulo namwino anandiika mwanayu pachifuwa, mapaipi ake onse ali lendelende. Ndinamva mmene akulimbanirana ndi mpweya, ndipo ndinaganiza za inu, mtsikana wamng'ono kuposa ine, mutanyamula wanu popanda makina, popanda wokuuzani chifukwa chake. Mwakhala zaka zonsezi osayankhidwa. Mwina yankho la Simão likhalanso la Amílcar.

Mundiperekere moni kwa Bambo, ngakhale andikwiyira, kwa mlongo wanga Duarte ndi alamu anga, komanso kwa azakhali.

Ndine mwana wanu, amene tsopano akukumvetsani,

Graciete